Lipoti la Kafukufuku wa Zithunzi 12 za Mafumu a Roma Zimene Zinalembedwa Kuti Ndi za Titian

Chimene chinapemphedwa

Lipoti lino likufotokoza zimene ndinapeza pofufuza zithunzi 12 zosindikizidwa papepala, zosonyeza olamulira a Roma kuyambira Julius Caesar mpaka Domitian, zimene banja lina linapereka ku laibulale ya sukulu ina ya ukachenjede pamodzi ndi mabuku a malemu bambo awo. Zithunzizo zinabwera zili m'mafelemu a matabwa akuda, ndipo kumbuyo kwa felemu iliyonse kunali kapepala kolembedwa ndi munthu mmodzi, konena kuti chithunzicho ndi cha Titian, mmisiri wojambula wa ku Venice ku Italy, cha m'chaka cha 1540. Woyang'anira laibulale anafuna kudziwa zinthu zitatu asanazilowetse m'kaundula: ngati mapepalawo ndi akale ndithu, ngati dzina la Titian liyenera kulembedwa monga mwini ntchito, ndiponso ngati kuli koyenera kuzipachika m'chipinda chowerengera monga mmene banjalo linafunira.

Mwachidule, palibe pepala ngakhale limodzi limene Titian analigwirapo. Mapepala 11 anasindikizidwa kuchokera pa mbale zamkuwa zimene anagoba mmisiri wina, Aegidius Sadeler, koma anasindikizidwa mbalezo zitayamba kale kuperepeseka. Pepala la Vitellius ndi lokopera la pambuyo pake, limene wina analowetsamo kuti gulu likwane. Pa mapepala 11 enieniwo, la Domitian likusonyeza chithunzi chimene Titian sanajambulepo. Komabe kapepala ka kumbuyoko sikananame kotheratu, ndipo kuti zimveke pamene kakunena zoona ndi pamene kakusocheretsa, m'pofunika kuyamba ndi mbiri ya zojambula zimene mapepalawa akutsanzira.

Zojambula za ku Mantua

Chiwerengero cha 12 chinachokera kwa Suetonius, wolemba mbiri wa ku Roma wakale, amene cha m'ma 121 analemba mbiri ya moyo wa Julius Caesar ndi mafumu 11 omutsatira: Augustus, Tiberius, Caligula, Claudius, Nero, Galba, Otho, Vitellius, Vespasian, Titus ndi Domitian. Roma anali ndi mafumu ambiri pambuyo pa imfa ya Domitian mu 96, koma chifukwa buku la Suetonius linkawerengedwa kwambiri ku Ulaya, anthu 12 amenewa anasanduka gulu limodzi lokhazikika, limene eni chuma a m'zaka za m'ma 1500 ankafuna kukhala nalo pakhoma, pa mbale zasiliva kapena m'buku.

Mmodzi mwa anthu amenewa anali Federico II Gonzaga, amene mfumu yaikulu Charles V inamukweza kukhala Duke, kapena kuti kalonga wolamulira, wa mzinda wa Mantua ku Italy mu 1530. Mu 1536 Federico anapempha Titian wa ku Venice kuti amujambulire mafumu a Roma ndi utoto pansalu, kuti aikidwe m'kachipinda ka m'nyumba yake yachifumu kamene anakonza Giulio Romano. Titian anagwira ntchitoyi mpaka 1540, chaka chimene Federico anamwalira, ndipo anajambula mafumu 11 okha, kulekezera pa Titus. Mfumu iliyonse inkaoneka kuyambira kumutu mpaka cha m'ntchafu, itavala zankhondo, ndipo pansi pake Giulio Romano ndi omuthandiza anaikapo zojambula zing'onozing'ono zosonyeza zochitika za m'moyo wa mfumuyo. Chimodzi mwa zimenezi, chosonyeza chionetsero cha kupambana kwa Vespasian ndi Titus, chili kunyumba yosungira zojambula ya Louvre ku Paris. Chaka cha 1540 chimene chili pa kapepala ka kumbuyo kwa mafelemu ndi choona, koma ndi chaka cha zojambula zapansalu, osati cha mapepala amene ali m'manja mwathu.

Zojambulazo zinatchuka msanga ndipo anthu ambiri anazikopera. Bernardino Campi wa ku Cremona anazikopera mu 1561 ndi 1562, ndipo anawonjezerapo Domitian wakewake kuti gulu lifanane ndi la Suetonius. Cha m'ma 1568 Ippolito Andreasi anajambula papepala makoma a kachipindako potumidwa ndi Jacopo Strada, ndipo zojambula zakezo, zimene zili ku Düsseldorf, ndizo zimatithandiza kudziwa mmene chipindacho chinkaonekera.

Banja la Gonzaga litasowa ndalama, Vincenzo II anagulitsa zojambula zambiri za banjalo kwa Charles I wa ku England mu 1627 ndi 1628, kudzera mwa wamalonda Daniel Nys. Malonda amenewa anapulumutsa mafumu a Titian ku chiwonongeko cha mzinda wa Mantua mu 1630, koma zina mwa zojambulazo zinafika ku London zitawonongeka paulendo wa panyanja, moti wojambula Anthony van Dyck anapatsidwa ntchito yokonza cha Galba ndi kujambula cha Vitellius chatsopano. Zinapachikidwa ku St James's Palace, ndipo kumapeto kwa khonde lomwelo kunaikidwa chithunzi cha 1633 cha van Dyck chosonyeza Charles ali pakavalo, kuti mlendo aliyense aone mfumu ya England monga wolowa m'malo mwa mafumu a Roma. Charles atadulidwa mutu mu Januwale 1649, katundu wake anagulitsidwa, ndipo kazembe wa Spain, Alonso de Cárdenas, anagula zojambulazi n'kuzitumiza ku Madrid, kumene zinalowa m'chuma cha Philip IV, mfumu ya Spain. Usiku wa pa 24 Disembala 1734 moto unabuka m'nyumba yachifumu ya Alcázar ku Madrid, ndipo zojambula zonse za mafumuwa zinapsa.

Apa m'pamene kufunika kwa mapepala a Sadeler kumaonekera. Aegidius Sadeler anabadwira ku Antwerp cha m'ma 1570 m'banja la amisiri ogoba zithunzi, anaphunzira ntchito kwa Jan Sadeler, m'bale wa bambo ake, anakhalako ku Germany ndi ku Italy, ndipo kuyambira mu 1597 anakhazikika ku Prague monga wogoba zithunzi wa mfumu yaikulu Rudolf II ndi mafumu awiri omutsatira, mpaka imfa yake mu 1629. Anagoba mafumu 12, n'kuwonjezera gulu lina la akazi 12 a mafumuwo, limene Titian sanajambulepo, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pali ndakatulo yaifupi ya Chilatini. Kupezeka kwa Domitian m'gulu lake kukusonyeza kuti Sadeler anadalira zokopera zimene zinali zitawonjezeredwa kale mfumu ya nambala 12. Chinthu china chofunika kuchizindikira n'chakuti Sadeler anamwalira van Dyck asanajambule Vitellius watsopano, choncho Vitellius wa Sadeler akutsata maonekedwe oyamba a Titian, osati amene anapsa ku Madrid.

Zimene mapepala anasonyeza

Nditachotsa mapepala m'mafelemu, ndinayamba ndi kutsimikiza njira imene anasindikizidwira. Pogoba chithunzi cha mtundu umenewu, mmisiri amatenga mbale yamkuwa yafulati ndi yosalala, n'kumakankha kachitsulo kosongoka kotchedwa burin, kamene kamachotsa mkuwa pang'onopang'ono n'kusiya ngalande yopyapyala. Wosindikiza amapaka inki pambale yonse, amaikanikizira m'ngalandezo, amapukuta pamwamba mpaka patayera, kenako amaika pepala lonyowa pang'ono n'kudutsitsa zonse pakati pa zogudubuza ziwiri. Mphamvu ya makina imalowetsa pepala m'ngalande kuti likatenge inki, ndipo imasiyanso mzere wobooka pang'ono wozungulira chithunzi chonse, pamene panali m'mphepete mwa mbale. Zizindikiro ziwirizi, inki yotukuka pamwamba pa pepala ndi mzere wa m'mphepete, ndizo zoyamba kuzifufuza, chifukwa chithunzi chojambulidwa ndi kamera n'kusindikizidwa m'buku sichikhala nazo.

Nditaunika tochi chammbali, inki inaoneka yotukuka pa mapepala onse 12. Mzere wa m'mphepete, wa masentimita pafupifupi 35 m'litali ndi 24 m'lifupi, unalipo pa mapepala khumi mwa 11 enieniwo. Pa la Otho unadulidwa ndi amene anaika mafelemu, koma zina zonse za pepalalo zikugwirizana ndi anzake. Pansi pa galasi lokulitsira, mizere ya mapepala 11 inali ya burin: imayamba yopyapyala, imanenepa pakati, n'kuthera kosongoka, ndipo m'malo a mthunzi imapingasana mwadongosolo n'kusiya timabokosi tokhala ndi kadontho pakati. Umu ndi mmene Sadeler ankasonyezera kunyezimira kwa chovala chachitsulo ndi kufewa kwa khungu la pakhosi. Kufufuza kumeneku kunali kofunika chifukwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunayambika njira zokopera zithunzi zakale pa mbale zamkuwa mothandizidwa ndi kuwala ndi asidi, ndipo zokopera zotere zimakhalanso ndi mzere wa m'mphepete, moti zimapusitsa anthu ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mizere yake imaoneka yodyekadyeka m'mbali ndi yofanana kuya paliponse, zimene sindinazione pa mapepala athu.

Pepala lenilenilo linapereka umboni wachiwiri. Mapepala a ku Ulaya a nthawi ya Sadeler ankapangidwa ndi nsanza za nsalu zosinjidwa m'madzi, zimene ankazitunga ndi sefa ya mawaya. Ukaika pepala lotere pa kuwala, umaona mizere yambirimbiri yoyandikana, yodulidwa ndi mizere ina yotalikirana yoyenda mopingasa. Mapepala 11 ali ndi mizere imeneyi, ndipo angapo ali ndi mbali ya chizindikiro cha wopanga pepala, ngakhale chagwera pamalo a inki yambiri. Pepala la Vitellius lilibe mizere iliyonse. Pepala losalala motero linayamba kupangidwa ku England ndi James Whatman cha m'ma 1757, ndipo linafala kumaiko ena a ku Ulaya patapita zaka zambiri. Umboni umenewu pawokha ukukwanira kunena kuti Vitellius wathu anasindikizidwa patadutsa zaka zoposa 120 Sadeler atamwalira.

Zikanatheka kuti mbale ya Sadeler yomweyo inasindikizidwanso mochedwa papepala latsopano, chifukwa mbale zamkuwa zinkagulitsidwa kuchokera kwa wosindikiza wina kupita kwa wina kwa mibadwo ingapo. Koma nditayerekeza ndi zithunzi za gulu lomweli zimene zili m'nyumba zosungira zakale za British Museum ku London ndi Rijksmuseum ku Amsterdam, ndinapeza kuti Vitellius wathu wayang'ana mbali yosiyana ndi wa Sadeler. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene amagwira ntchitoyi: chimene chagobedwa kumanja kwa mbale chimatuluka kumanzere kwa pepala, choncho wokopera amene wangoyang'ana pepala n'kugoba monga akuonera, osatembenuza, amatulutsa chithunzi chotembenuka. Mizere yake ndi youma, yofanana kunenepa kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo zilembo za ndakatulo ya pansi zinagobedwa ndi munthu amene zikuoneka kuti sankamva Chilatini, popeza anaphatikiza mawu awiri amene ayenera kulekana. N'zochititsa chidwi kuti m'gulu limeneli, monganso ku London, Vitellius ndiye anafunika kulowedwa m'malo, koma kufanana kumeneku kunangochitika ndipo sikukupereka umboni uliwonse.

Funso lovutirapo linali la nthawi imene mapepala 11 enieniwo anasindikizidwa. Mkuwa ndi chitsulo chofewa, ndipo nthawi iliyonse imene wosindikiza akupukuta inki ndi kudutsitsa mbale pamakina, pamwamba pake pamaperepeseka pang'ono. Zimene zimachitika n'zofanana ndi chidindo cha mu ofesi chimene chadinda kwa zaka zambiri: zilembo zikuluzikulu zimaonekabe, koma timizere tating'ono ta m'kati timazimiririka. Pa mbale yogobedwa, mizere yosaya kwambiri ndi imene imayamba kutha, ndipo mizere imeneyi ndi imene imaumba masaya, chipumi ndi malo ozungulira maso. Njira yokutira mkuwa ndi chitsulo cholimba kuti usaperepeseke inayamba cha m'ma 1857, choncho mbale za Sadeler zinalibe chitetezo chotere. Pa mapepala athu, nkhope ya Augustus yatuwa ndipo yaphwa, pamene mthunzi wa kumbuyo kwake udakali wakuda bii, chizindikiro chakuti wina anabwerezanso kugoba malo akuda kuti mbale ipitirize kugwira ntchito. Pa la Claudius pali kamzere kopyapyala kodutsa paphewa kamene si ka pepala koma ka mbale, kutanthauza kuti mkuwa unakandika usanadindidwe. Pansi pa zithunzi pali dzina la Marcus Sadeler monga wofalitsa, wachibale amene anapitiriza malonda a banjali ku Venice. Poganizira zonsezi pamodzi, ndikuika mapepala 11 amenewa m'zaka za m'ma 1600, pambuyo pa imfa ya wogoba, ndipo sindikuona chifukwa chowalembera chaka chimodzi chenicheni.

Nkhope zimenezi ndi za yani?

Banja lopereka mphatsoyi linkakhulupirira kuti zithunzizi zikusonyeza mmene mafumuwa ankaonekera, ndipo popeza ophunzira adzakhala ndi chikhulupiriro chomwecho, nkhaniyi iyenera kulowa m'kaundula. Titian anajambula patadutsa zaka zoposa 1,400 mafumuwa atamwalira, ndipo anali ndi magwero atatu. Loyamba ndiponso lodalirika kwambiri linali ndalama zachitsulo, chifukwa pa ndalama pamakhala nkhope ndi dzina pamodzi. Julius Caesar anaika nkhope yake pa ndalama za mumzinda wa Roma mu 44 Yesu asanabadwe, chaka chomwe anaphedwa, ndipo omutsatira onse anachita chimodzimodzi, ngakhale Otho amene analamulira miyezi itatu yokha mu 69. Owerenga Baibulo amadziwa mwambo umenewu kuchokera pa nkhani ya ndalama ya msonkho yokhala ndi nkhope ndi dzina la Kaisara. Vuto la ndalama n'lakuti imasonyeza nkhope chammbali, yaing'ono ngati chikhadabo, pamene wojambula amafuna munthu wathunthu wotembenukira kwa womuyang'ana.

Gwero lachiwiri linali ziboliboli za mwala wa nsangalabwi, zimene zambiri zinafukulidwa zopanda dzina, ndipo mayina anachita kupatsidwa ndi anthu a m'zaka za m'ma 1500 poyerekeza ndi ndalama. Chitsanzo chodziwika ndi mutu wa mwamuna wonenepa umene Kadinala Domenico Grimani anasiyira mzinda wa Venice mu 1523. Kwa zaka mazana atatu amisiri ankaukopera monga nkhope ya Vitellius, koma akatswiri a masiku ano amati unasemedwa m'zaka za m'ma 100, Vitellius atamwalira kalekale, ndipo ndi wa munthu wosadziwika. Gwero lachitatu linali mawu a Suetonius, amene amatchula dazi la Julius Caesar ndi chimwemwe chake pololedwa kuvala nkhata ya masamba nthawi zonse, mphuno yokhota ya Galba, wigi ya Otho, khosi lalikulu la Nero, mimba ya Vitellius, ndi nkhope ya Vespasian yooneka ngati ya munthu amene akudzikakamiza. Zovala zankhondo, kaimidwe, manja ndi maonekedwe a maso n'zopeka za Titian, ndipo zambiri zikufanana ndi mmene ankajambulira akalonga a nthawi yake.

Amisiri ena osindikiza anatsata njira yosiyana, ndipo n'kothandiza kuti wophunzira aike ntchito ya Sadeler pambali pa ntchito zawo. Buku la Andrea Fulvio la mu 1517, losindikizidwa ku Roma ndi Jacopo Mazzocchi, linasonyeza nkhope zozungulira ngati ndalama, zogobedwa pathabwa, ngakhale kuti pamene ndalama inasowa nkhope inachita kupekedwa. Enea Vico mu 1548 anagoba pamkuwa mbali zonse za ndalama za mafumu 12 mosamala kwambiri, ndipo Hubert Goltzius mu 1557 anaphatikiza mbale yachitsulo ndi matabwa a mitundu kuti nkhope zioneke ngati mendulo zikuluzikulu. Amenewa ankafuna kutumikira ofufuza zakale. Sadeler ankagulitsa ulemerero wa chipinda cha ku Mantua kwa anthu amene sakanatha kulowamo, ndipo m'maganizo anga mapepala ake ndi umboni wamphamvu wa luso la Titian kuposa mmene alili umboni wa nkhope za Aroma.

Chisamaliro ndi kalembedwe ka m'kaundula

Mapepala onse anali atamatidwa m'makona ndi guluu wa zikopa pa katoni yokhala ndi asidi, imene inasiya chikasu kumbuyo, ndipo pa la Nero ndi la Titus panali madontho ofiirira obwera ndi chinyontho. Ndinafewetsa guluu ndi chinyontho chochepa n'kuchotsa makatoni, ndinapukuta fumbi popanda madzi, ndipo pong'ambika pa ngodya ya la Galba ndinamata kumbuyo ndi pepala lopyapyala la ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, limene wosamalira wina angathe kulichotsa m'tsogolo popanda kuwononga kanthu. Madontho ofiirira sindinawayeretse ndi mankhwala, chifukwa saphimba mbali yofunika ya chithunzi ndipo mankhwala oyeretsera amafooketsa ulusi wa pepala. Timapepala ta kumbuyo kwa mafelemu tasungidwa m'envelopu yakeyake, popeza ngakhale tili ndi zolakwika, ndi mbali ya mbiri ya gulu limeneli.

Pa pempho lopachika zithunzi m'chipinda chowerengera, ndalangiza kuti zisapachikidwe kosatha, chifukwa chipindacho chili ndi mawindo akuluakulu ndipo kuwonongeka kobwera ndi kuwala sikubwezeka. Zisungidwe zogona m'bokosi lopanda asidi, pamalo a chinyontho cha pafupifupi 50 peresenti, ndipo zikamaonetsedwa kuwala kusapitirire 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), kwa miyezi yosapitirira itatu, kenako zipume. Pakhoma paikidwe zojambulidwa ndi kamera za kukula kofanana, zolembedwa momveka kuti ndi zokopera.

M'kaundula mulembedwe zigawo zitatu. Mapepala khumi, kupatula la Vitellius ndi la Domitian, alembedwe kuti anagobedwa ndi Aegidius Sadeler potsata zojambula za Titian za 1536 mpaka 1540 zimene zinapsa mu 1734, ndipo anafalitsidwa ndi Marcus Sadeler m'zaka za m'ma 1600 kuchokera pa mbale zoperepeseka, ndi chidziwitso chakuti la Otho linadulidwa m'mphepete. La Domitian lilembedwe kuti linagobedwa ndi Sadeler potsata chithunzi chowonjezeredwa ndi mmisiri wina, ndipo dzina la Titian lisaikidwe pamzere wa woyambitsa. La Vitellius lilembedwe kuti ndi lokopera lotembenuka, la wogoba wosadziwika, papepala la pambuyo pa 1757, ndipo lipatsidwe nambala yakeyake koma lisungidwe m'bokosi limodzi ndi anzake, kuti aphunzitsi azitha kuliika pafupi ndi la Galba kapena la Vespasian posonyeza kusiyana kwa mizere ndi kwa mapepala.